Wotsala M'tauni

Amalawi ambiri a ku Pretoria West akumudziwa Enifa Kachingwe, ngakhale ena dzina lake salidziwa, amangoti "mayi aja a pa Khirisimasi." Iye dzina limenelo salifuna, ndipo wolitchula pamaso pake amaona polekera.

Ndi mayi wamfupi, wa mapewa otambalala, woyenda mwandawala ngati nthawi zonse basi ikumusiya. Kwawo ndi ku Tsangano, ku Ntcheu, kumene mwana amadziwa kukumba kachewere asanadziwe kulemba dzina lake. Bambo ake atamwalira sukulu inathera pa Fomu 2, ndipo pakhomo panatsala mayi odwala miyendo ndi azing'ono ake atatu. Enifa anagulitsa kachewere pamsewu mpaka anatopa ndi mavenda omuikira mtengo pa katundu wake yemwe, kenako anakwera basi ya ku Joni.

Anafikira ku Winterveld, m'kanyumba ka malata ka msuweni wake, n'kumayenda khomo ndi khomo kufuna maganyu ochapa. Pa renki ya matakisi anadziwana ndi Nafisa, mayi wa ku Mangochi wogulitsa samusa, wa pakamwa posatopa ndi mtima wabwino. Nafisayo ndi amene anamva kuti ku Pretoria North kuli gogo wina wachizungu wofuna wantchito wogonera konko. Gogoyo aliyense ankawatchula kuti Ouma Breda. Amuna awo anamwalira kale, ana awo anali ndi mabanja awo, ndipo m'nyumba yaikuluyo munali iwo, mphaka ndi TV.

Ouma sanali munthu wovuta. Vuto lawo linali limodzi, ndipo linkayamba mu Novembala. Mafilimu achikondi a pa Khirisimasi akangoyamba, TV sinkazimanso. Kunja dzuwa la Pretoria likuswa mtengo, phula likuchita kununkha, koma pabalaza anthu ali m'majuzi, akuotha moto. Ouma ankadana ndi kuonera okha, choncho Enifa ankabweretsa tebulo lositira pafupi ndi mpando wawo n'kumasita akuponya diso.

Sipanatenge nthawi kuti aone kuti mafilimuwo ndi ana a mayi mmodzi. Amayamba ndi mtsikana wa mumzinda waukulu, wa ntchito yapamwamba, foni ili pakhutu. Amapita kumudzi kwawo pa Khirisimasi akunyinyirika. Galimoto imafera panjira, kapena chisanu choyera chija chogwa ngati ufa chimatseka msewu. Pamenepo pamatulukira kalipentala wa ndevu zometa bwino, amene mkazi wake anamwalira n'kumusiyira kamwana kanzeru kuposa akuluakulu. Poyamba awiriwo amadana. Kenako amaphika limodzi makeke n'kumapakana ufa pamphuno. Pamakhalanso kasitolo ka agogo kofuna kugwa, mudzi wonse n'kukapulumutsa. Chakumapeto amakangana pa nkhani yoti mwana wa sitandade wani akanaithetsa ndi funso limodzi, wina n'kunyamuka, mnzake n'kumuthamangira, basi n'kupsompsonana pansi pa mtengo wa timagetsi. Nthawi zina wopita kumudziyo amakhala mwamuna, koma msuzi wake ndi womwewo.

Ouma ankalira pa filimu iliyonse. Enifa ankaseka, n'kumawauziratu amene akwatirane filimu isanafike n'pakati pomwe. Kunena zoona, nayenso ankawakonda. Masiku amenewo anali ndi munthu wake.

Munthuyo anali Elson, mwamuna wa ku Ntcheu konko, wowotcherera zitsulo pa galaja ina ku Pretoria West. Anakumana ku mpingo wa Amalawi umene umapemphera m'holo yobwereka kumeneko. Elson ankaimba besi m'kwaya, ndipo anali ndi mawu oti akamapempha madzi akumwa umaona ngati akukuyamikira. Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi, Enifa ankapita kukachipinda kake, n'kumuchapira maovololo obooka ndi moto wa ntchito yake, n'kumuphikira ndiwo zoti zimufikitse pakati pa sabata. Elson atapsa m'maso ndi kuwala kwa chowotcherera, n'kukhala masiku osaona, amene ankamutsogolera ku chipatala atamugwira dzanja anali Enifa. Zaka zinadutsa chomwecho, mpingo wonse ukudziwa, mpaka anagwirizana kuti nkhani ikafike kwa akuluakulu.

Anapangana zopita kumudzi limodzi pa Khirisimasi kuti akachite chinkhoswe. Koma kumayambiriro kwa Disembala Ouma anaterereka m'bafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Atatuluka m'chipatala sankatha kudzuka okha, sankatha kusamba okha. Ana awo anabwera ndi maluwa, anawapsompsona pamphumi, n'kunena kuti malo ogona kunyanja analipira kale, sangasinthe. Onse anayang'ana Enifa.

"A Elson, ndingawasiye bwanji?" anatero pa foni. "Munthu sakutha n'kufika kuchimbudzi komwe."

"Usadandaule," anayankha Elson. "Chinkhoswe n'cha ankhoswe. Ine ndipita, ndikatenga amalume anga, tikaonekera kwa amalume ako. Iweyo samala agogowo. Mkazi wachifundo ngati iwe ndi amene ndikufuna."

Enifa anadzaza chikwama cha shangani: mapoto, nsapato za azing'ono ake, sopo, shuga, ndi bulangete lofiira lolemera la amayi ake, poti ku Tsangano kumazizira ngakhale m'dzinja. Bulangetelo analisankha yekha ku Marabastad, atazungulira masitolo mpaka mapazi kutupa. Anamuperekeza Elson kokwerera basi, n'kubwerera kukasintha nsalu za pabedi la Ouma.

Elson anafika bwino kwawo ndipo anaimba foni. Anaimbanso tsiku lonyamuka kupita ku Tsangano, kunena kuti amalume ake atsogola pa njinga yamoto, iye akutsatira pa lole ndi katundu. Kuchokera pamenepo foni inangoti zii. Kwawo kwa Enifa anapha nkhuku, amalume ake anavala jekete, amalume a Elson anafika n'kukhala pa mpando mpaka mthunzi unatembenuka, koma mwini nkhani sanaoneke. Kunamveka kuti mvula yakokolola kamlatho panjira, magalimoto aima. Enifa anada nkhawa, anapemphera, anafunsa aliyense amene anali ndi nambala yake. Khirisimasi anaidya akupukuta msana wa Ouma, foni ili m'thumba la epuloni.

Chaka chatsopano chitalowa kunabwera uthenga wa mawu. Enifa anaumvera ataima pa waya woyanikira zovala.

"Enifa, sindikudziwa poyambira. Mulungu ali ndi njira zake. Ndapeza chinthu chimene sindinkadziwa kuti ndikuchisowa. Iwe ndiwe wolimba, ukhala bwino. Komanso tinene zoona, ukanakhala kuti umandikonda ukanabwera. Unasankha ntchito."

Zina zonse anazimva kwa anthu. Lole itaima pa mlatho wokokolokawo, Elson anakabisala mvula mu tiyirumu ya pamalopo. Mwini tiyirumuyo anali Dailesi, amene anaphunzira naye ku pulayimale, tsopano namfedwa wa mwana mmodzi wamkazi. Mlatho unakonzedwa, magalimoto anadutsa, Elson sanadutse. Chikwama cha shangani chinafika kwa amayi a Enifa mu Januwale pa kabaza, chopanda kalata, chopanda bulangete.

Enifa sanalire pamaso pa munthu. Nafisa yekha ndi amene anamuona akugwetsa misozi, ndipo anamusiya alire, kenako anamupatsa samusa wotentha n'kunena kuti, "Idyani, achemwali. Mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda."

Novembala wotsatira mafilimu anayambanso. Enifa anaika tebulo lake pamalo pomwe paja, koma maso ake tsopano ankagwera pa munthu amene kale sankamuona. Mu filimu iliyonse muli wina wotsala mumzinda. Amaoneka kawiri kapena katatu basi, atavala suti, akuyankha foni mofulumira. Amalonjeza kubwera koma ntchito imamugwira. Akafika kumudzi kuja ndi mphete m'thumba, amapeza zinthu zatha kale, ndipo amauzidwa mawu okoma pakhonde n'kukwera galimoto yake. Kamera simutsatira. Nyimbo imayamba iye asanatuluke n'pageti pomwe.

"Nanga uyu?" anafunsa tsiku lina, akuloza ndi ayironi.

"Uyo si wabwino, Enifa," anatero Ouma. "Amangoganiza za ntchito."

"Walakwa chiyani? Wamenya munthu? Watukwana? Mtsikanayu ali kumudzi kukanda makeke, amene akudyetsa mphaka wake ndi kuthirira maluwa ake ndani? Si yemweyu?"

"Koma alibe mtima wa Khirisimasi. Taona mmene akuyang'anira wotchi."

"Akuyang'ana wotchi chifukwa pali wina amene akumudikira kuti agwire ntchito! Magetsi a pamtengowo akuyaka chifukwa wina sanapite kwawo. Sitima imene wakwera mtsikanayu akuyendetsa ndi munthu amene naye ali ndi kwawo."

"Ndi filimu chabe, mwana wanga."

"Amene anatsala kuti azikusambitsani chaka chatha, Ouma, ndi wa mtundu womwewu."

Ouma anatsitsa mawu a TV, koma sanazimitse. Patapita kanthawi Enifa anawamva akufwenthera, ndipo mpaka lero sadziwa ngati ankalirira iye kapena kalipentala.

Ku mpingo sanasiye, poti mpingo sunali wa Elson. Koma mu Disembala momwemo Elson anabwerera ku Joni, Dailesi ndi mwana ali pambuyo. Tiyirumu inali itagwa, ndipo chikondi cha pa mlatho chinafunika ndiwo. Anatenga chipinda ku Pretoria West, n'kuyamba kukhala pa benchi lachitatu m'tchalitchi. Enifa ankakhala kumbuyo, kuyang'ana kutsogolo, n'kumatuluka nyimbo yomaliza isanathe.

Pa tsiku la Khirisimasi mpingo unakonza chakudya cha masana m'holo momwemo. Chaka chimenecho ana a Ouma anawatenga mayi awo, ndiye Enifa anali womasuka, ndipo monga mwa masiku onse amayi a mumpingo anamuika pa mpunga, chifukwa wake sumata. Anali kuseri ndi mapoto pamene a Fatsani, mkulu wa mpingo amene ankayendetsa mwambo, anatenga maikolofoni.

"Abale, lero ndi tsiku la chikondi. Pakati pathu pali banja limene Mulungu analilumikiza pa Khirisimasi penipeni. Achimwene a Elson, bwerani mutiuze, achinyamatawa aphunzirepo."

Mawu a besi aja anadzaza holo, n'kutulukira pa zenera mpaka kumapoto. Elson anasimba bwino, poti kusimba amatha. Ananena za moyo wa m'tauni umene unamuumitsa mtima, za mvula imene inagwa ngati kumwamba kwabooka, za mlatho umene Mulungu anauchotsa dala. Ananena mmene analowera mu tiyirumu ali chonyowa, mkazi wina n'kumukalipira kuti akudetsa pansi, kenako n'kuzindikirana. Anthu anaseka. Ananena mmene anakonzera chitseko cha tiyirumuyo, mmene anathandizira kukanda mandasi a pa Khirisimasi.

"Ndiye kamwana aka kanali kakunjenjemera ndi malungo," anapitiriza, mawu akunjenjemera nawo. "Ine ndinatsegula katundu wanga, n'kutulutsa bulangete, n'kukafunditsa. Kanandiyang'ana n'kunena kuti, 'Amalume, musapite.' Abale, pamenepo ndinadziwa kuti ndafika kwathu. Kuno ndinali ndi moyo wina, ndi munthu wina, koma anali munthu wodziwa ntchito yokha. Khirisimasi imeneyo inandiphunzitsa kuti chofunika n'chiyani."

Nthungululu zinalira. Amayi ena anapukuta m'maso ndi nsonga za zitenje. Nthungululuzo zisanathe, Enifa anali ataima pakhomo la holo, chipande chili m'manja, mpunga ukugwa pansi.

"A Fatsani, ndipatseni chimenecho."

"Amayi, mwambo uli ndi ndondomeko yake…"

"Ndiye ndilankhula chopanda chimenecho, mawu ndili nawo." Ndipo analidi nawo. "Munthu wodziwa ntchito yokhayo ndine. Nonse mukundidziwa, mwadya mpunga wanga zaka zonsezi. Mwaimba nthungululu, chabwino, koma mundiuze chimene mukuimbira. Bulangete limenelo linali lofiira. Ndinagula ine, la amayi anga, amene mpaka lero akufunda chitenje ku Tsangano. Mwanayo sindikumuda, anazizidwa, anafunda, Mulungu amudalitse. Koma a Elson, munena bwanji kuti katundu wanu? Munali pa ulendo wopita kuti? Auzeni anthuwa! Mlatho umene Mulungu anachotsawo unali wopita kwa amalume anga, amene anakhala pa mpando ndi jekete tsiku lonse, nkhuku itaphedwa. Mulungu wake uti amene amagwetsa mlatho kuti nkhalamba zichite manyazi?"

"Enifa, si malo ake ano," anatero Elson, maikolofoni atatsitsa.

"Malo ake ndi ati? Inu mwasankha malo ano. Mukanakhala phee ndi mkazi wanu, ine ndikanakhala phee ndi mapoto anga. Kundisiya munandisiya, zimachitika, sindine woyamba. Koma kunditenga ine n'kundisandutsa mfiti ya m'nkhani yanu kuti ikome, zimenezo ayi. Munanena ndi pakamwa panu kuti nditsale, mkazi wachifundo ndi amene mukufuna. Mutapsa maso, amene ankakutsogolerani ngati mwana anali wodziwa ntchito yokha yemweyu. Ndipo inu nonse," anatembenukira ku mabenchi, "ndani muno amene sanadyepo Khirisimasi pa ntchito? Ndani muno amene sanatumizepo chikwama kumudzi iye n'kutsala? Mukuombera m'manja nkhani imene ikunena kuti otsalafe tilibe mtima. Mawa akakusimbani inu, mudzaimbanso nthungululu?"

Dailesi anali ataweramitsa mutu, mwana atamukumbatira. Enifa anaika chipande pa tebulo la akuluakulu, anamasula epuloni, n'kutuluka. Mpunga wa poto lachiwiri unapserera, ndipo anthu anaudya chomwecho.

Mukanaganiza kuti anthu amuyamikira. Ena anamuimbira foni mobisa kunena kuti walankhula zoona, koma pagulu nkhani inali ina. Ankati ndi nsanje. Ankati mkazi wa pakamwa potero n'chifukwa chake anasiyidwa. Ankati waononga tsiku la Ambuye. A Fatsani anabwera ndi amayi awiri a chigwirizano mpaka ku geti la Ouma, kudzamupempha kuti akapepese pamaso pa mpingo.

"A Elson apepesa?" anafunsa Enifa, geti asanatsegule.

"Iwo anangopereka umboni, amayi."

"Inenso ndinangopereka umboni. Muyende bwino, abambo."

Dailesi anakumana naye kamodzi, pa renki, miyezi ingapo pambuyo pake. Anali wowonda kuposa mmene ankaonekera m'tchalitchi, atanyamula kachikwama ka munthu wofuna ganyu. Ndi iye amene anayamba.

"Achemwali, ine sindinkadziwa. Anandiuza kuti katunduyo ndi wa alongo awo."

"Munadziwa liti?"

"Amalume awo atabwerera kuchokera kwanu."

"Ndiye mutadziwa?"

Dailesi anayang'ana pansi. Enifa sanakakamize. Kenako Dailesi anafunsa, mawu ali pansi, ngati akudziwa nyumba ina yofuna wochapa. Enifa anati sakudziwa, ngakhale ankadziwa ziwiri. Anangomuuza kuti takisi imene waimira si yopita ku Pretoria North, yolondola ili mzere winawo, n'kukwera yake. Nafisa atamva anati akanamuthandiza, mkazi mnzake. Enifa anati Nafisa akhoza kumuthandiza yekha ngati akufuna, iye si mngelo ndipo sanalembetse.

Ouma Breda anakhala chaka china chimodzi, kenako ana awo anagulitsa nyumba n'kuwapititsa kumalo osungirako okalamba. Potsanzikana anamugwira Enifa dzanja nthawi yaitali, n'kumuuza kuti Mulungu amusungira mwamuna wabwino penapake, mwina pa Khirisimasi ikubwerayi. Enifa anawapsompsona pa tsaya n'kuwauza kuti asaiwale kumwa mankhwala a m'mawa.

Lero iye ndi Nafisa ali ndi kamalo kawo ku Pretoria West, kontena yopakidwa utoto wobiriwira pafupi ndi magalaja. Nafisa amakazinga, Enifa amaphika mpunga ndi nyemba, ndipo nthawi ya nkhomaliro amakanika ndi owotcherera amaima pamzere ndi manja awo akuda. Anzake a Elson amadya pamenepo. Elson akamadutsa amawolokera tsidya lina la msewu. Azing'ono ake a Enifa awiri anamaliza sukulu, ndipo amayi ake anawamangira nyumba ya malata imene iye waionapo kamodzi kokha. Amapemphera ku mpingo wina, wa Asotho, kumene nyimbo zake sazimva zonse koma palibe amene amamudziwa.

Mkwiyo wake sunathe, ndipo safuna kuti uthe. Kasitomala akangoyamba nkhani ya mnzake amene anapita kumudzi n'kukapeza chikondi chenicheni, Enifa amaimitsa chipande m'mwamba n'kufunsa kuti, "Anasiya ndani kuno?" Kawirikawiri pamakhala dzina, ndipo wosimbayo amayamba kukanda m'mutu.

Nafisa wakhala akumuchenjeza kuti mtima woterewu udzamukweza BP. Anamuvutitsa mpaka tsiku lina Enifa anavula epuloni n'kupita ku kiliniki kuti nkhaniyo ithe. Namwino anamumanga lamba pamkono, anayang'ana makina, n'kumuuza kuti magazi ake akuyenda ngati a mtsikana. Enifa anabwerera ku kontena, anamuuza Nafisa kuti mawa ndi tsiku lake lokapimitsa iyeyo, n'kuyamba kusankha nyemba.